Mjeremani wa kwa Mpezeni ndi zakale za Chipata zomwe zinamwazikana

Ku Germany sabata ikamatha si zachilendo kuona bambo, mayi ndi ana atabereka tizikwama, ali pamzere wogula matikiti olowera m'myuziyamu. Amakwera sitima Lachisanu madzulo kukagona mumzinda wina, Loweruka lonse n'kuthera m'nyumba yosungiramo zakale, Lamlungu n'kumayendayenda m'misewu kuona matchalitchi ndi zipilala, madzulo n'kubwerera kwawo. Ambiri amalowera ku Munich, komwe pachilumba cha mumtsinje wa Isar pali Deutsches Museum, nyumba ya sayansi ndi makina yomwe Oskar von Miller anayambitsa mu 1903. Pakati pa chuma chake pali galimoto yamatayala atatu ya Carl Benz ya mu 1886 ndi injini ya Rudolf Diesel, mwini dzina la mafuta omwe amayendetsa chigayo cha kumudzi.

Ena amasankha Berlin. Kumeneko, ukangolowa mu Museum für Naturkunde, umakwezera maso kudenga: mafupa a chinyama chamakedzana chotchedwa Giraffatitan aimikidwa chilili, mutu uli mamita 13 kuchokera pansi. Mafupawo kwawo ndi ku Tendaguru, kummwera kwa Tanzania. Anakumbidwa pakati pa 1909 ndi 1913 ndi anthu akuda mazanamazana, kapitawo wawo ali Boheti bin Amrani, ndipo anasenzedwa pamutu mpaka kudoko la Lindi. Mwana wa ku Berlin amaona nyamayi pamtengo wa tikiti ya basi ya mumzinda. Mwana wa ku Lindi angafunike pasipoti ndi viza.

Nanga mwana wa ku Chipangali amene akufuna kuona zakale za kwawo alowere kuti? Mwa nyumba zaboma zosungiramo zakale, Chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia chilibe ndi imodzi yomwe. Yaikulu ili ku Livingstone, inayamba mu 1934, ndipo kuchokera ku Chipata ndi mtunda wopitirira makilomita 1,000. Ya ku Lusaka inatsegulidwa mu 1996. Moto Moto ili ku Mbala, inabadwa ndi katundu yemwe wansembe Jean-Jacques Corbeil anatolera zaka zambiri. Zina zili ku Ndola ndi ku Choma. Sikuti kuno kunalibe zoti n'kusunga. Zinalipo, ndipo wina mwa oyamba kuzitola ndi kuzitumiza kunja anali Mjeremani, yemwenso dzina lake silisowa pankhani ya kugwa kwa ufumu wa Angoni.

Carl Wiese anali wamalonda a minyanga ya njovu wokhala ku Tete. Anafika kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni, cha m'ma 1885, nthawi yomwe Angoni anali atakhazikika m'mapiri ozungulira Chipata kwa zaka pafupifupi 15, patapita zaka 50 chiwolokere Zambezi mu November 1835, tsiku lomwe kadamsana anadetsa dzuwa masana. Wiese anali wochenjera pakamwa, wodziwa kupereka mphatso panthawi yake. Analoledwa kumanga mudzi wake, kusaka njovu ndi kuchita malonda. Pakati pa 1888 ndi 1891 anatsogolera ulendo woimira boma la Apwitikizi, ndipo m'nthawi imeneyi Angerezi awiri otchuka, Alfred Sharpe ndi Joseph Thomson, anafika mu 1890 kudzafuna pangano ndi Mpezeni, koma anabwerera chimanjamanja. Mfumu inali kale ndi mzungu wake.

Akulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma sanena kuti kalumoko kakameta ndani. Wiese anatuluka kwa Mpezeni ndi pepala lonena kuti wapatsidwa ufulu pa nthaka ndi miyala ya pansi pake. Mu 1891 Britain ndi Portugal anagwirizana za malire, dziko la Mpezeni n'kugwera mbali ya Angerezi, mwini wake osafunsidwa. Wiese sanataye nazo mtima. Pepala lija analigulitsa, ndipo mu 1895 ku London kunabadwa North Charterland Exploration Company, yomwe inadzitcha mwini wa dera lalikulu masikweyamailosi 10,000. Chomwe chinakopa ogula masheya chinali mphekesera yakuti dziko la Mpezeni ladzaza golide.

Anthu a kampaniyo anafika mu 1896, Wiese ali nawo limodzi, n'kumanga linga lotchedwa Fort Young, lomwe malo ake ali makilomita pafupifupi 20 kummwera kwa Chipata ndipo ndi otetezedwa ndi boma. Achinyamata a Chingoni, motsogozedwa ndi Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaona msanga kuti alendowa sanabwere kudzacheza. Kumapeto kwa 1897 Wiese anatumiza uthenga woti iye ndi anzake azingidwa. Mu January 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland, ena mwa iwo Amwenye a Chisikh, analowa ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Nthungo ndi chishango sizikanatha kulimbana ndi mfuti yolavula zipolopolo mazana pamphindi imodzi. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo anagwidwa n'kuomberedwa kumayambiriro kwa February. Mpezeni, nkhalamba, anatengedwa ukaidi, n'kudzabwezedwa pambuyo pake, ndipo anamwalira mu 1900. Golide uja sanaoneke, kupatula kamgodi ka Sasare kufupi ndi Petauke.

Munthu yemweyu anali ndi mtima wina. Ankalemba zomwe ankaona, ndipo mu 1900 magazini ya akatswiri a zamitundu ya anthu ya ku Berlin inasindikiza nkhani yake yonena za mbiri ya Angoni. Katundu wina yemwe anatolera kuchigawo cha Zambezi anakathera kumyuziyamu ya zamitundu ya mumzinda womwewo. Kenaka mu 1907 anakumba m'phanga la Chifumbaze, m'chigawo cha Tete, n'kupezamo mapale a mbiya zakalekale. Patapita zaka zambiri, katswiri wa zofukulafukula David Phillipson anatenga dzina la phangalo n'kulipereka kwa gulu lonse la alimi oyamba odziwa chitsulo omwe anafalikira kum'mawa ndi kummwera kwa Africa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Wophunzira wa ku yunivesite ya kutali amaloweza mawu oti Chifumbaze pokonzekera mayeso, osadziwa kuti woyamba kukumba pamenepo ndi yemwe anaitanira Angoni mizinga.

Wolemba mbiri amavutika naye Wiese. Kumutaya sizitheka, poti buku la ulendo wake, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1983 mokonzedwa ndi Harry Langworthy, ndi limodzi mwa mazenera ochepa oonera bwalo la Mpezeni nkhondo isanachitike. Kumukhulupirira kwathunthu nakonso n'kupusa.

Mzinda wa Chipata unabadwa paphulusa la nkhondoyo. Mu 1899 Robert Codrington anakhazikitsa boma pamalo pomwe panali mudzi wa Kapatamoyo, nduna ya Chingoni, n'kupatcha Fort Jameson polemekeza Leander Starr Jameson, bwenzi la Cecil Rhodes. Ufumu wa Kapatamoyo lero uli ku Chipangali, limodzi ndi wa Mnukwa ndi Mshawa, moyandikana ndi mafumu a Chichewa monga Chanje, Chinunda ndi Mkanda. Choncho munthu wa kwa Kapatamoyo akamati akupita kutauni, tinene kuti akupita kubwinja la makolo ake.

Codrington nayenso anali wokonda kutola. Chaka chomwecho cha 1899 anapita kwa Chitambo, komwe kunakwiriridwa mtima wa David Livingstone patsinde pa mtengo wa mpundu, n'kudula chigawo cha thunthu chomwe panazokotedwa dzina, ndipo chinatumizidwa ku Royal Geographical Society ku London. Zosema ndi zida zaufumu zomwe anasonkhanitsa m'dzikoli zinakathera kumyuziyamu ya ku Bulawayo. Njira yake inali yomweyo yomwe chigaza cha munthu wamakedzana cha ku Kabwe chinadzayenda chitapezeka mumgodi mu 1921: mpaka lero chili ku London, ngakhale Zambia yakhala ikupempha kuti chibwerere.

Fort Jameson inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, pamene zigawo ziwiri zinaphatikizidwa, ulamuliro n'kupita ku Livingstone. Zaka zimenezo tauniyi inali yofulatira Zambia yonse. Katundu, makalata ndi azungu omwe ankadzera ku Tete kapena ku Nyasaland, pamitu ndi pamapewa a amtengatenga, ena atagona m'machila. Msewu wopita kumadzulo unadzatheka mochedwa, ndipo mlatho wa pa Luangwa unamangidwa m'zaka za m'ma 1930. Ichi n'chifukwa chake mpaka pano Lilongwe ali pafupi ndi Chipata kuposa Lusaka, yemwe ali makilomita pafupifupi 570, ndipo maliro a ku Mchinji amalirika ku Chipangali.

Woyenda pansi m'Chipata angathe kuwerenga zaka zimenezi pamakoma. Kumtunda, mbali ya maofesi aboma, kuli nyumba zakale za njerwa zootcha zamakhonde otakata ndi tchalitchi cha Anglican cha St Paul's, chotsala cha m'masiku oyamba a tauniyi. Ukatsetsereka umafika ku Down Shops. Amwenye oyamba, Asilamu ochokera ku Gujarat, anafika cha m'ma 1905, ndipo boma lachitsamunda linawapatsa mbali yawoyawo yochitira malonda, kutali ndi azungu. Dzina loti Down Shops likusungabe tsankho lakalelo, ngakhale olitchula sakumbukira. Pakhonde la sitolo pamakhala telala ndi makina ake opalasa ndi phazi, zitenje zili lendelende, mkati muli mapoto, malata, mbewu ya chimanga ndi zipangizo za njinga, ndipo pamwamba pa madenga pamaonekera nsanja za mzikiti. Makina a telala aja, ku Munich akanakhala m'bokosi lagalasi, pansi pake atalemba chaka. Kuno akusoka yunifolomu ya mwana wa giredi 1.

Njinga nazo ndi mbiri. M'nthawi ya Kenneth Kaunda boma linamanga fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata, ndipo njinga zake za Eagle zinadzaza chigawo chonse. Mbadwo wonse wa alimi unanyamulira thonje, mtedza, makala, mbuzi ndi odwala pakaliyala ya Eagle. Ngati kudzakhale myuziyamu ya zamakina ku Chipata, choyamba kuimika pakhomo chikhale njinga imeneyi, thumba la makala lili pambuyo, osati sitima, pakuti njanji yochokera ku Mchinji, yomwe inayambika mu 1982 n'kudzatsegulidwa mu August 2010, yakhala nthawi yaitali ili zii kuposa yomwe yanyamula katundu.

Za minda ya ku Chipangali, gwero lake ndi pepala la Wiese lomwe lija. Golide atakanika, kampani inayamba kugulitsa nthaka kwa azungu olima fodya. M'zaka za m'ma 1920 fodya wa Fort Jameson anali pamtengo, minda inachuluka, ndipo eni dziko anakankhidwira m'madera opanikizana omwe boma linawapatulira. Mu 1928 msika unagwa, alimi ambiri achizungu n'kulongedza, kusiya nthaka yachonde ili gone pamene anthu m'midzi ankalimbirana kachigunda kokokoloka. Boma linadzagula gawo lalikulu la nthaka ya kampaniyo mu 1941 n'kuyamba kubwezeramo anthu. Chipangali, yomwe inakhala boma palokha mu 2018 itapatulidwa ku Chipata, ndi dera limodzi lomwe mbiri ya mafamu ndi masikimu okhazikitsiramo alimi ikuonekerabe m'mayina a malo. Fodya sanachoke. Zigafa zikadali mbali zonse.

Koma zakale zenizeni za dera lino zili kumapiri, ndipo zimenezi palibe anatha kuzinyamula. Makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Chipata, mbali ya Chipangali, kuli phiri la Zawi, lomwe miyala yake ili ndi zojambula zotetezedwa ndi lamulo. Zina zili ku Katolola ndi ku Thandwe kufupi ndi Chipata, ku Mkoma chakumadzulo, ku Makwe m'boma la Katete ndi ku Kalemba m'boma la Chadiza. Phillipson, yemwe anali mkulu woyang'anira malo akale m'Zambia kuyambira 1964 mpaka 1973, anakumba ku Makwe, Thandwe ndi Kalemba, ndipo zomwe anapeza anazilemba m'buku lomwe linatuluka mu 1976. Ku Kalemba dothi la pansi penipeni linaonetsa kuti anthu ankakhala m'phangamo zaka zoposa 35,000 zapitazo. Timiyala tosongoka ta ku Makwe, tating'ono ngati chikhadabo, tomwe alenje ankamatira kumivi, tinapereka dzina la malowo ku luso lonse la nyengo imeneyo.

Ukaima pansi pa thanthwe lotere, maso amayamba aona mwala wokhawokha. Kenaka zofiira zimatulukira pang'onopang'ono: mizere yoyandikana ngati makwerero, zozungulira zina mkati mwa zinzake, madontho, ndipo mwa apo ndi apo nyama, monga ntchefu ya pa Katolola. Utoto wake ndi dothi lofiira la chitsulo, lomwe linalowerera m'mwala moti mvula ya zaka zikwi yalephera kulichotsa. Achewa amati ojambula zimenezi anali Akafula, anthu aafupi omwe anawapeza m'dzikoli. Agogo amasimba kuti ukakumana ndi mmodzi ankakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Wanzeru ankayankha kuti, "Ndakuonerani patali, muli kuphiri uko." Wonena kuti wamuonera pompano, ndiye kuti wamunyoza kufupika, ndipo muvi unkamupeza.

Pamwamba pa zofiirazo pamakhala zoyera, zopaka ndi chala, zonenepa, zooneka ngati zadzulodzulo. Izi ndi za Achewa eni ake. Zina ndi zinyama zotambasula miyendo ngati buluzi woonedwa kuchokera pamwamba, ndipo ofufuza monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta, atacheza ndi amayi achikulire, anazilumikiza ndi chinamwali: anamkungwi ankaphunzitsira atsikana pazithunzizi, monga momwe amachitira ndi zoumba zadothi. Zina ndi zilombo za nyau, kasiyamaliro ndi anzake, zojambulidwa m'zaka zomwe gule ankathamangitsidwa, poyamba ndi Angoni, kenaka ndi amishoni ndi boma. Phanga linali kalasi, thanthwe linali bolodi. Tsidya la malire, ku Chongoni m'boma la Dedza, zojambula za mtundu womwewu pamalo 127 zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, patangopita chaka Gule Wamkulu atalemekezedwa ndi bungwe lomwelo. Za kuno n'zachibale ndi za ku Chongoni, koma alendo ake ambiri ndi abusa a mbuzi, ndipo ena mwa iwo amasiya mayina awo ndi makala pamwamba pa ntchito ya Akafula. Kuwakalipira n'kosavuta, koma ndani anawauzapo kuti chomwe akudetsacho n'chiyani?

Sayansi yakale kwambiri ya dera lino ndi ya ng'anjo. Ku Kamnama, kumpoto kwa Chipata kufupi ndi malire a Malawi, Phillipson anapeza mudzi waukulu wa anthu osungunula chitsulo wa zaka pafupifupi 1,600 zapitazo. Iwo ankadziwa mwala woyenera, mtengo wotulutsa makala otentha kwambiri, ndi kapumidwe ka mphepo m'ng'anjo yadothi kuti moto upitirire madigiri 1,000, popanda chopimira chilichonse koma mtundu wa lawi. Khasu la Mchewa linkachokera m'menemo mpaka makasu a m'sitolo atafika. Sayansi yatsopano ili pa Msekera, kunja pang'ono kwa tauni, komwe akatswiri a zaulimi anatulutsa mbewu za mtedza zokhala ndi zilembo MGV, M wake akuimira Msekera, ndiponso komwe kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayesa kubwezera chonde m'nthaka pobzala jerejere ndi gliricidia m'minda yogonera. Mlimi wa kwa Chanje amene ali ndi mizere ya gliricidia m'munda mwake akugwiritsa ntchito zotsatira za kafukufukuyo.

Angoni sanadikire boma kuti liwasungire zakale zawo. Nc'wala, yomwe inaleka atagonjetsedwa mu 1898, inadzukanso mu 1980, ndipo Loweruka lomaliza la February anthu zikwizikwi amasonkhana ku Mtenguleni kuona Mpezeni akulawa zipatso zoyamba za m'munda ndi kumwa magazi a ng'ombe yakuda yolasidwa ndi nthungo. Ku Feni kuli Nsingo Community Museum, nyumba yaing'ono yosunga zishango, nthungo, zibonga ndi zovala za Chingoni, yotchedwa dzina la mwana wa mfumu uja anaomberedwa. Achewa nawo ali ndi Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, kumapeto kwa August. Alendo ochokera ku Ulaya, Ajeremani ali momwemo, amadutsa m'Chipata chaka chonse, koma ambiri amangoima kuthira mafuta ndi kugula madzi, maso ali ku Mfuwe kukaona njovu ndi akambuku a ku South Luangwa. Chipata, yomwe inakwezedwa kukhala mzinda mu February 2017, kwa iwo ndi chipata basi, monga dzina likunenera: polowera ndi potulukira.

Chikhalirecho Loweruka limodzi ndi Lamlungu lake n'zokwanira kuona Down Shops m'mawa, kukwera phiri la Kanjala kuti uone momwe tauni yakhalira m'chigwa pakati pa mapiri, kupita ku Feni masana, ndipo mawa lake kulowera njira ya ku Lundazi kukafunsa kwa amfumu mnyamata wokulondolera kumiyala yolembedwa. Kumpoto chakum'mawa kwa tauni, njira ina imapita ku Magwero, komwe amishoni a Dutch Reformed anafika mu 1899 n'kudzayambitsa sukulu ya akhungu yomwe ilipo mpaka lero.

Zotsala zambiri zikadali pansi. Mvula yoyamba ikagwa ku Chipangali, khasu limatha kugunda phale lokhuthala, lokhala ndi timizere todinda m'mphepete mwa mlomo, losiyana ndi mbiya zomwe amayi amaumba masiku ano, kapena chibuma cholemera chakuda chonyezimira chomwe chinatsalira m'ng'anjo. Wolimayo amachiponya kumalire a munda n'kupitiriza mzere wake. Madzulo mtsikana amatola phale lija, n'kulipala pamwala kuti likhale lozungulira bwino, kenaka n'kujambula mabokosi pabwalo ndi chala cha kuphazi, kuitana anzake kuti ayambe phada.